Phala linasanduka madzi tikuona

## Buledi wokongola kunja kokha

Mng'ono wanga anafika ndi buledi atamukulunga m'kansalu, nkhope ili yakugwa. Tirigu anali atamuviika n'kumumeretsa yekha, kumuyanika yekha, kupera yekha. Atamasula kansaluko ndinayamba kumuyamikira tisanadule n'komwe, chifukwa kunja buledi ameneyu anali wosiririka: wofiirira bwino, wonyezimira, fungo lake lodzaza nyumba yonse. Koma mpeni utalowa unatuluka utapakika zonanda. M'kati munali monyowa, momata m'zala, ndipo chapansi panali mzere wothinana woti ukautsina subwerera.

"Achemwali, ndamusiya mu uvuni mpaka ndimaopa kuti apserera. Nanga n'chiyani chimenechi?"

Iye ankaloza chala uvuni wake, kuti mwina sukutenthanso bwino. Ine ndinalibe chomuyankha. Buledi ndakhala ndikuphika kwa nthawi ndithu, tirigu ndinali nditameretsako, koma zoterezi ndinali ndisanazione. Mwayi wake tsiku limenelo kunyumba kunali malume athu, amene anagwira ntchito zaka zambiri m'bekare yaikulu asanapume.

Iwo buledi sanamuyang'ane nthawi yaitali. Anangofunsa kuti, "Tirigu wake watsalako wosapera?" Mng'ono wanga anali atanyamula wina m'botolo, pamodzi ndi ufa wotsala, kuti andionetse. Malume anakhuthulira pang'ono m'dzanja n'kuyandikira pawindo. Njere iliyonse inali ndi timizu touma topiringizana, ndi mphukira yotalika kufanana ndi njere yeniyeniyo, ina kupitirira. Anatafuna imodzi, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Mphwanga, uvuni usaunamizire. Iwe sunapange ufa ayi. Wapanga chimera, ndiye chimera chabwino zedi. Vuto n'lakuti waphika buledi wa chimera chokhachokha."

## Makapu awiri patebulo

Ataona kuti tangowayang'ana, anati, "Bweretsani ufa woyera wa buledi, kapoto ndi makapu awiri." Anasungunula masupuni angapo a ufa m'madzi ozizira, n'kuika pamoto akutakasa mpaka linakhala phala lolimba loti supuni n'kuimirira yokha. Analigawa m'makapu awiri aja, n'kunena kuti tidikire lipoleko pang'ono. Ankaliyesa ndi chala. Ankafuna likhale lotentha ndithu, loti ukaviika chala uchotse msanga, koma osati lobwadamuka la pamoto.

M'kapu yoyamba anathira kansonga ka supuni ya tiyi ka ufa woyera womwe uja. M'kapu yachiwiri anathira muyezo womwewo wa ufa wa mng'ono wanga. Yoyambayo anapatsa ine, yachiwiri iye.

"Takasani. Musasiye."

Langa linali lolimbabe chimodzimodzi, mpaka dzanja linayamba kutopa. Mng'ono wanga anatakasa kangapo movutikira, kenako ndinaona supuni yake ikuyamba kuyenda mofewa. Phala linayamba kunyezimira m'mbali mwa kapu, kenako linaleka kugwira supuni. Anaitukula kuti aone, ndipo m'malo mogwa nthuli, linangoyenderera kuti chururu. Sipanathe mphindi zambiri, anapendeketsa kapu, zam'katimo zili madzi okhaokha. Palibe anawonjezerapo dontho la madzi. Tonse awiri tinangoti kukamwa yasa.

"Lawani tsopano," anatero malume patapita kanthawi. Langa linali zii, kukoma ufa wophika basi. Lake linali lotsekemera, shuga palibe anathira.

"Zimene mwaonazi n'zimene zachitika m'kati mwa buledi wako ali mu uvuni. Moto ukuti ndilimbitse, chimera chikuti ndisungunule. Ukanamusiya tsiku lonse akanapserera kunja, m'katimo muli chonchi."

Kapu imeneyo sinachokebe m'mutu mwanga. Kansonga ka supuni kugonjetsa phala lodzaza theka la kapu! Ambiri amene timameretsa tirigu kunyumba timangoti viika, meretsa, yanika, pera, ndipo timaona ngati mphukira ikatalika ndiye kuti zakoma zachuluka. Kuyambira tsiku limenelo sindiviika tirigu ndisanadzifunse kuti ndikufuna ufa kapena chimera. Ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale zimachokera m'beseni limodzi.

## Chimene chimadzuka m'njere

Njere ya tirigu ili ndi khungu lakunja limene limasanduka gaga, kamtima kamene kamamera, ndi choyera cham'kati chomwe ndi gawo lalikulu, pafupifupi magawo 83 pa 100 aliwonse a kulemera kwake. Choyeracho ndi sitalichi ndi mapuloteni, ndipo tirigu sanatisungire ife. Ndi kamba wa paulendo wa kamtima kaja, woti kazidya kasanatulutse masamba. Koma kamtimako sikangadye sitalichi momwe alili. Madzi akalowa, kamatumiza timadzi totchedwa gibberellin ku kagawo kopyapyala kamene kali pansi pa khungu, ndipo kagawo kameneko kamayamba kupanga ma enzyme, zinthu zimene zimadula chakudya chosungidwacho kuti kamtima kathe kuchidya. Wamkulu pa nkhani yathuyi ndi alpha-amylase, amene amadula sitalichi kukhala tizidutswa, ndipo mnzake beta-amylase amatenga tizidutswato n'kupanga shuga wa maltose. Alipo enanso amene amadula mapuloteni, kuphatikizapo amene amapanga gluten, yemwe timamudalira kuti mtanda utamuke ndi kusunga mpweya.

Tsiku lililonse limene njere ikumera, ma enzyme amenewa amachulukirachulukira. Ndipo ukayanika mofatsa safa. Amangogona, kudikira madzi.

Mu uvuni ndi momwe amaonetsera mphamvu zawo. Sitalichi wa tirigu amayamba kufufuma ndi kupsa kutentha kukafika cha m'ma 60 digiri a Celsius. Pamenepo yisiti amakhala akufa, koma alpha-amylase amapirira mpaka cha m'ma 80. Pakati pamenepa sitalichi wafewa, enzyme ali pa liwiro lake lonse, ndipo pakati pa buledi pamachedwa kudutsa kutentha kumeneku. Enzyme akakhalapo pa muyezo wake n'zabwino kwambiri: buledi amafewa, amafufuma bwino, khungu limafiira. Akachuluka, sitalichi amene anayenera kugwira madzi amadukaduka, madzi n'kusowa powagwira, ndiye zonanda zija. Ngakhale kukongola kwa kunja kwa buledi wa mng'ono wanga kunachokera pomwepo. Shuga wambiri akakumana ndi tizidutswa ta mapuloteni pamoto pamabadwa mtundu wofiirira ndi fungo lokoma, zimene katswiri wa ku France Louis-Camille Maillard anafotokoza mu 1912.

Malume anatiuza kuti zimene ife timachita mwadala m'khitchini, alimi a tirigu ndi eni zigayo amaziopa kwabasi. Mvula ikagwa tirigu atakhwima asanakololedwe, amayamba kumerera m'ngala momwemo, nthawi zina mosaoneka ndi maso, ndipo ufa wake umavuta pophika. N'chifukwa chake pali muyezo wotchedwa Falling Number, umene anakonza Sven Hagberg ndi Harald Perten ku Sweden kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Amatenga magalamu 7 a ufa ndi mamililita 25 a madzi m'kabotolo kakatali, n'kukaika m'madzi owira, kutakasa, kenako n'kuwerenga masekondi amene kachitsulo kamatenga kuti kamire m'phalalo. Phala likakhala lolimba kamachedwa. Masekondi opitirira 300 amasonyeza kuti enzyme ndi wochepa, cha m'ma 250 ndi pabwino pa buledi, ndipo akatsika kufika pansi pa 200 ophika amayamba kudandaula. Makapu awiri a malume anali muyezo womwewu, wongopangira patebulo.

## Kamchira ndiye kamalamula

Ngati mukufuna ufa wophikira buledi wambiri, tirigu mumuimitse atangoyamba kumene. Kansonga koyera kakangosuzumira kumapeto kwa njere, milimita imodzi kapena awiri, basi pakwana. Zimaoneka ngati palibe chachitika, ndipo mtima umafuna kudikira tsiku lina kuti uone timizu. Musadikire. M'katimo njere yafewa kale, kuwawa kwa gaga kwachepa, kutsekemera kwayamba. Nthawi zambiri kansonga kameneka kamaoneka pakati pa maola 24 ndi 36 kuchokera pamene mwaviika, ndipo kukatentha kamafulumira. Kusiyana kwa ufa wabwino ndi ufa wonanda kungakhale usiku umodzi wokha.

Ngati mukufuna chimera, mumusiye apitirize masiku atatu, anayi kapena asanu, mpaka mphukira italike pafupifupi kufanana ndi njere. Muyang'ane mphukira, osati mizu. Mizu imatuluka msanga, itatu kapena kuposa, yopyapyala, ndipo imatalika kwambiri. Mphukira ndi imodzi, yonenepako. Ikayamba kubiriwira ndiye kuti mwapitirira, njere yayamba kudya kwambiri zimene inasunga.

Chimera chotere si chophikira chokha. N'chothira pang'ono mu ufa wina, ndipo ndibwererako.

## Kuviika ndi kumeretsa

Apa sindichedwapo chifukwa si povuta, kupatula pa kusankha tirigu. Akhale wathunthu, wodyedwa, wosapuntha. Tirigu wochotsedwa khungu, wosweka kapena wofutsidwa kale samera. Ndipo mbewu yogulitsidwa kuti ikadzalidwe kumunda musaiyandikize m'khitchini: nthawi zambiri imakhala yothiridwa mankhwala, n'chifukwa chake amaipaka mtundu wofiira kapena wobiriwira. Kutsuka sikuichotsa poizoni. Mukakayika ngati tirigu wanu ali moyo, kulungani njere 20 m'kansalu konyowa, muone patapita masiku awiri kapena atatu. Zikamera zochepa, m'beseni zambiri zidzangowola. Tirigu wongokololedwa kumene nayenso nthawi zina amakana kumera mpaka atagonera masabata angapo.

Musanathire madzi, muyezeni pa sikelo ndipo mulembe. Nambala imeneyi idzakuthandizani poyanika.

Tsukani, tayani zoyandama, viikani m'madzi ozizira aukhondo maola 8 mpaka 12. Musapitirize kwambiri, chifukwa njere imapuma, ndipo ikakhalitsa m'madzi imabanika n'kuyamba kusasa. Khuthulirani m'sefa kuti madzi adonthe onse, vundikirani ndi kansalu, ikani pamthunzi. Muzitsukuluza kawiri kapena katatu pa tsiku, ndipo ulendo uliwonse muzitembenuza ndi dzanja. Mukapisa dzanja pakati pa mulu mudzamva kufunda. Kumeneko ndi kupuma kwa njere, ndipo mulu ukakula kufundako kumachititsa kuti zapakati zithamange kusiya zam'mbali. N'chifukwa chake ndimakonda kumwaza tirigu m'chinthu chotakata kusiyana ndi kumudzaza m'botolo.

Mphuno ndiyo imakuuzani zoona. Tirigu womera bwino amanunkhira mwauwisi, mokoma. Akayamba kununkha mowawasa kapena kuterera m'zala, watha ameneyo. Timizu timakhala ndi tiubweya toyera timene anthu ena amatisokoneza ndi nkhungu. Tiubweyati timakhala pamizu pokha ndipo timagona mukathira madzi. Nkhungu imayanga panjere, imatuwa, kuda, kubiriwira kapena kufiira, ndipo ikaoneka tayani zonse, osati pokhapo pamene yaonekera.

## Pakuyanika ndi pamene pagona nkhani

Ndinkafunsa malume za kutentha, iwo n'kumandiyankha za mphepo. Poyamba ndinkaona ngati sakundimva, koma anali kunena chinthu chimene ambiri sitichiganizira: tirigu sadziwa kuti mwayamba kumuyanika. Mukamuika pamalo ofunda akadali wonyowa, mpweya wosayenda, ndiye kuti mwamupatsa zimene amafuna kuti amere mofulumira. Munamuimitsa pa kansonga kakang'ono madzulo, m'mawa mupeza timizu tatuluka muthireyi momwemo. Ufa umene mumafuna wasanduka chimera muli mtulo. Choncho maola oyambirira ndi ofunika kuposa ena onse, ndipo ntchito yake ndi kuchotsa madzi apamwamba mwamsanga.

Ine ndimatere. Ndikatsukuluza komaliza ndimamusiya m'sefa adonthe bwinobwino, kenako ndimamukhuthulira pansalu youma yaukhondo n'kumupukuta. Ndimamwaza m'mathireyi mopyapyala, njere imodzi kapena ziwiri kuchokera pansi, osati kuunjika. Thireyi yokhala ndi timabowo pansi ndi yabwino koposa chifukwa mpweya umadutsa mbali zonse. Kenako mphepo: fani ikuwomba pamwamba pake, kapena uvuni wokhala ndi fani, chitseko chili chotsekula pang'ono kuti chinyezi chizituluka. Uvuni wotseka umangozunguza nthunzi yomweyo.

Kutentha kukhale pakati pa madigiri 40 ndi 50. Pa chimera izi n'zosakambirana, chifukwa enzyme akakhala m'njere yonyowa sapirira kutentha kwakukulu, ndipo mukadutsa cha m'ma 60 njere ikadali yonyowa mumayamba kupha chinthu chimene mwachilera masiku onsewa. Pa ufa wophikira, wina angaganize kuti ndi bwino kukweza moto kuti enzyme afe. Ine sindigwirizana nazo. Moto waukulu panjere yonyowa umawononganso gluten, ndipo umaumitsa kunja msanga m'kati mukadali chinyezi. Mumapeza njere yolimba kunja, koma mukailuma pakati pali pofewa. Njira yochepetsera enzyme ndi kuimitsa kumera msanga, osati kuwotcha.

Ma uvuni ambiri satsika kufika pa 50 ngakhale mutatembenuzira pansi penipeni, ndipo nambala yolembedwa pa batani si yodalirika kwenikweni. Ikani choyezera kutentha muthireyi momwemo, pakati pa njere. Ngati uvuni wanu ndi waukali, mutenthetseni pang'ono, muzimitse, mulowetse mathireyi, ndipo muzibwereza. Ena amangoyatsa babu la mu uvuni ndipo kufunda kwake kumakwana, bola mpweya uziyenda. Amene ali ndi makina oumitsira zipatso ndiye aphweketsa ntchito. Dzuwa nalo limaumitsa bwino kukakhala kouma ndi kamphepo, koma phimbani ndi kaneti chifukwa cha ntchentche ndi mbalame, samalani ndi thireyi yachitsulo yakuda chifukwa imatentha kuposa momwe mungaganizire, ndipo lowetsani m'nyumba dzuwa lisanalowe kuti mame asabwezere chinyezi. Usikuwo asagone ataunjikidwa. Akhale womwazika, fani ikuwomba.

Muzitembenuza pakapita maola angapo. Mudzamva kusintha ndi khutu: poyamba njere zimayenda mwakachetechete ndipo zimakakamira pachikhatho, kenako zimayamba kulira kuti waa muthireyi. Zonse zimatenga maola 12 mpaka 24, nthawi zina kupitirira kukakhala chinyezi.

Tsono mudziwa bwanji kuti wauma? Apa ndi pamene nambala ija imagwira ntchito. Kilogalamu imodzi ya tirigu wouma ikamwa madzi ndi kumera imafika pafupifupi kilogalamu ndi theka. Theka limenelo ndi madzi, ndipo lonse liyenera kuchoka. Yanikani mpaka sikelo ibwerere pa kilogalamu imodzi, makamaka pansi pake pang'ono, chifukwa njere yadyako zina pomera. Mukayeza, n'kuyanikanso ola limodzi kapena awiri, n'kupeza kuti nambala sinasinthe, mwafika. Muyezo wachiwiri ndi dzino. Tengani njere kuchokera pakati pa thireyi, muisiye izizire, muilume. Youma imasweka kuti khwa, m'kati muli moyera mwaufa. Ikaphwatalala kapena kumata padzino, bwezerani. Musayese yotentha, imanamiza.

Ndikuumirira pamenepa chifukwa tirigu wosauma bwino amalanga kawiri. M'chigayo amamata pamiyala kapena pamipeni mpaka makina kuima, ndipo m'botolo amachita nkhungu mwakachetechete, inu mukuganiza kuti mwasunga chinthu chabwino. Mukamutsekera m'botolo n'kuona kuti m'mawa galasi lachita thukuta m'kati, mutulutseni msanga abwerere pa thireyi.

Akauma, mufikiseni m'manja kapena m'sefa kuti timizu ndi mphukira zithothoke, kenako mupete. Pa chimera musadumphe zimenezi, timizu timawawa.

## Kansonga ka supuni, osati kapu

Chimera cha mng'ono wanga sichinatayidwe. Malume anamuuza kuti m'botolo limenelo muli chokwanira miyezi yambiri. Muyezo wake ndi magalamu 5 mpaka 10 pa kilogalamu imodzi ya ufa, ndiye kuti theka la gawo limodzi kapena gawo limodzi pa 100. Yambani ndi 5. Zimaoneka zochepa moti umakayika ngati zichita kanthu, koma amene anaona kapu ija sakayika. Chimathandiza kwambiri mtanda wogonera nthawi yaitali, umene yisiti amatha shuga wonse n'kusiya khungu lotuwa. Mukathira chimera yisiti sasowa chakudya, ndipo khungu limafiira bwino. Koma werengani kaye papaketi ya ufa wanu, chifukwa zigayo zina zimathiriratu chimera cha barele kapena enzyme. Ufa wotero sufunanso china.

Ngati mukufuna kukoma kwa chimera popanda mphamvu yake, kazingani njere zouma kale mu uvuni pa madigiri 150 mpaka zifiire ndi kununkhira. Enzyme amafa, fungo limatsala, ndipo mukhoza kuthira masupuni angapo mopanda mantha. Ingolembani pabotolo kuti ichi n'chokazinga, icho n'chamoyo, chifukwa zikaperedwa n'zosavuta kuzisokoneza.

Ufa wa tirigu wongomera pang'ono uja ndiye mungaphikire wambiri, ngakhale wokhawokha ukakhala kuti munauimitsa pa nthawi yake. Komabe ine ndimalangiza kuyamba ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, otsalawo ufa wamba, kenako muzikweza mukaudziwa ufa wanuwo. Musanaphike, uyeseni ndi makapu awiri aja. Phala likafewa pang'ono ndi pang'ono, ufawo ndi wofatsa. Likasungunuka mofulumira, muutenge ngati chimera.

Mtanda wa ufa womera uli ndi khalidwe lake. Umafufuma msanga chifukwa shuga alimo kale, ndipo ukakhalitsa umalefuka, kumata, n'kuyamba kuphwasuka m'malo mokwera. Ndiye musaugoneke nthawi yaitali pofunda, ndipo shuga wowonjezera muchepetse kapena mumusiye. Madzi muzithira pang'onopang'ono, chifukwa mtanda wooneka wolimba poyamba umafewa wokha pakapita ola. Amene amaphika ndi chofufumitsa chowawasa ali ndi mwayi, poti asidi amafooketsa alpha-amylase. N'chifukwa chake buledi wa rye, mbewu imene imakhala ndi enzyme wambiri mwachibadwa, amaphikidwa ndi mtanda wowawasa kuyambira kale. Khungu limafiira msanga, choncho tsitsani moto pang'ono ndi kutalikitsa nthawi, mpaka pakati pafike madigiri 96 kapena kupitirira. Ndipo mumusiye azizire kotheratu musanadule. Buledi aliyense wodulidwa wotentha amamata, koma uyu amaposa.

## Chifukwa chake ndimavutikirabe

Wina angafunse kuti ntchito yonseyi n'njachiyani, ufa uli wogula. Ine yankho langa ndi kukoma. Buledi wa tirigu wathunthu wamba amakhala ndi kakuwawa kumapeto kwa lilime kamene ana ambiri sakakonda. Wa tirigu womera alibe kameneko. Ndi wofewa, wotsekemera mwa iye yekha, ndipo ukamuwotcha pang'ono m'mawa fungo lake limadzutsa anthu.

Za thanzi zimanenedwa zambiri, zina zoona, zina zokokomeza. N'zoona kuti pomera njere imayamba kuphwanya phytic acid, amene amagwira ayironi ndi zinki kuti thupi lisazitenge mosavuta, ngakhale kuti kumera kwa tsiku limodzi kumangochepetsako pang'ono. Koma pali bodza limodzi limene limandipweteka mtima chifukwa likhoza kudwalitsa munthu: loti tirigu akamera gluten amatha. Satha. Akanatha buledi sakanafufuma n'komwe. Munthu wodwala celiac, matenda amene gluten amawononga matumbo, kapena amene thupi lake limadana ndi tirigu, asadye buledi ameneyu, ndipo musamupatse pomuuza kuti uyu ndi wina.

## Wouma si wakupsa

Kufunda ndi chinyezi zimene tirigu amakonda pomera, tizilombo toyambitsa matenda timazikondanso. Salmonella ndi E. coli zimatha kubwera ndi njere kuchokera kumunda n'kuchulukana m'beseni popanda fungo lililonse. Mu 2011 ku Germany kunabuka matenda a E. coli amene anapha anthu oposa 50, ndipo gwero lake linapezeka kuti linali mbewu zomeretsa za fenugreek zodyedwa zosaphika. Kuyanika pa madigiri 45 sikupha tizilombo timeneti. Chimene chimapha ndi moto wa uvuni pophika buledi. Choncho ufa umenewu ndi wauwisi: osalawa mtanda, osapatsa ana kuti anyambite mbale, osawaza chimera chosakazinga pa chakudya chimene sichibwereranso pamoto. Ngakhale kulawa kumene tinachita ndi malume kuja, lero ndimayamba ndabwezera kapuyo pamoto kuti ziwire ndisanaike pakamwa. Kutsekemera sikuchoka. Sefa, nsalu ndi mathireyi muzitsuka ndi madzi otentha ndi sopo mukamaliza ulendo uliwonse.

Posunga, sungani njere zathunthu ndipo muzipera zokwanira kuphika kwa tsikulo kapena sabata imeneyo. Kamtima ka tirigu kali ndi mafuta, ndipo kakangosweka mafutawo amayamba kuwonongeka ndi mpweya mpaka ufa kumanunkha moipa. Njere zouma bwino zimakhala miyezi m'botolo lotseka, pamalo ozizira ndi amdima. Ufa wotsala ulowe mufiriji, m'chinthu chosalowa mpweya, ndipo pouchotsa muusiye ufunde kaye musanatsekule, kuti chinyezi chisaugwere. Popera penipeni muzipumitsa makina akayamba kutentha, makamaka pa chimera: mukagwira ufa n'kumva kuti ukuwotcha m'dzanja, imani kaye uzizire musanapitirize.